Nyama Yagona, Musaidzutse

Tisungeni anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Montana, mumzinda wa Pretoria, ku Joni. Ankakhala ndi amayi ake ndi abambo ake, a Pearson. Nyumba yawo inali yaing'ono, ya zipinda ziwiri. Inali kuseri kwa nyumba yaikulu, kumene amayi ankagwira ntchito.

Tisungeni anali ndi vuto limodzi. Anali ndi zikomo amene sananene. Zikomoyo anamutsalira pakhosi. Akamadya, ankamumva. Akamasewera, ankamumva. Akamatsuka mano, ankamumvabe.

Zinayamba chonchi.

Tsiku lina Loweruka, Tisungeni anapita kutauni ndi amayi. Anakwera minibasi. Ku Joni, minibasi amaitchula kuti tekisi. Anatsikira pa renki, pamene matekisi onse amaima. Anthu anali mbwee! Uyu akukuwa. Uyu akuthamanga. Uyo akuliza hutala.

Tisungeni anaona nkhunda ya mwendo umodzi. Anasiya dzanja la amayi. Anati angoiona pang'ono. Nkhunda inadumpha, iye anaitsatira. Inadumphanso, anaitsatiranso. Potembenuka, amayi palibe!

"Amayi!" analira Tisungeni. "Amayi!"

Ena anamufunsa m'Chizulu. Ena anamufunsa m'Chisepedi. Koma mantha anali atamutseka makutu. Iye ankangolira basi.

Kenako anamva mawu a Chichewa.

"Iwe mwana wakwathu, ukulira chiyani?"

Anali bambo wachikulire wovala kachipewa koyera. Ankagulitsa masokosi ndi zipewa. Dzina lawo linali Che Uladi. Kwawo kunali ku Machinga.

Che Uladi anamufunsa dzina. Anamupukuta misozi. Anamupatsa nthochi. Kenako anamuimika pa kileti kuti atalike. Iwo anakuwa ndi mawu aakulu.

"Mayi a Tisungeni! Mayi a Tisungeni! Mwana wanu ali pa masokosi pano!"

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Ogula ankabwera, koma iwo sanawayang'ane n'komwe. Posakhalitsa amayi anatulukira akuthamanga. Anamukumbatira Tisungeni mwamphamvu. Anathokoza Che Uladi kambirimbiri.

"Nena zikomo, Tisu," anatero amayi.

Koma Tisungeni anabisala kumbuyo kwa amayi. M'kamwa munali nthochi. Mumtima munali manyazi. Zikomo sanatuluke.

Che Uladi anangoseka. Poseka, Tisungeni anawaona mano. Analipo anayi okha. Awiri m'mwamba, awiri m'munsi.

Masiku anapita. Lachinayi madzulo, Tisungeni anakhala pafupi ndi amayi.

"Amayi, sindinathokoze Agogo a masokosi aja," anatero. "Zikomo wanga akundiwawa pakhosi."

"Tidzapitenso ukanene," anayankha amayi.

"Ayi. Zikomo wapakamwa ndi wamng'ono. Ine ndikufuna zikomo wamkulu."

Amayi anaganiza. Abambo anaganiza. Kenako abambo anawomba m'manja.

"Tiwaitane adzadye nafe," anatero. "Tiwakazingire siteki!"

Siteki ndi nyama ya ng'ombe yopanda fupa. Tisungeni ankaidziwa. Koma anapukusa mutu.

"Abambo, Agogo ali ndi mano anayi okha. Ndinawerenga ndekha. Nyama atafuna ndi chiyani?"

"Eish," anatero abambo. "Mwanayu ali ndi maso."

Amayi anamwetulira. "Musadandaule," anatero. "Ndikudziwa kafewetsedwe ka nyama. Ndinaphunzira kukhitchini kuntchito."

Lachisanu amayi anapita kutauni. Anaitana Che Uladi. Iwo anati abwera Loweruka madzulo, akalongedza katundu. Kenako amayi analowa mu butchala ya Asilamu. Anagula zidutswa zinayi za siteki.

"Che Uladi ndi Msilamu," amayi anauza Tisungeni. "Amadya nyama ya halaali, yophedwa mwa Chisilamu. Mlendo umamupatsa chimene amadya."

Loweruka linafika. Kunali kuzizira, poti unali mwezi wa Juni. Abambo analawirira ku Garsfontein kukadula kapinga. Tisungeni ndi amayi anasamba m'manja.

Amayi anatenga mbale yaikulu. Anasinja adyo. Anasinja jinja. Tisungeni anafinya ndimu. Anafinyanso ina. Amayi anathira mafuta, mchere ndi tsabola pang'ono. Tisungeni anatakasa ndi supuni. Anatakasa, anatakasa.

"Uwu ndi msuzi wosaphika," anatero amayi. "Ndi wonyikamo nyama."

Amayi anaika nyama mu msuzi. Anaitembenuza uku ndi uku. Anavundikira mbale. Kenako anaiika mu filiji.

"Tsopano nyama igone," anatero amayi.

"Igone?" anadabwa Tisungeni. "Nyama imagona?"

"Eya. Ikagona, imamwa msuzi. Ikamwa msuzi, imafewa."

"Nanga ikadzuka msanga?"

"Imalimba ngati jombo ya abambo ako."

Tisungeni anayang'ana jombo zakale za abambo pakhomo. Anaganiza za mano anayi aja. Ayi ndithu, nyama iyenera kugona bwino.

Amayi anatuluka kukayanika zovala. Tisungeni anatsala yekha. Anakhala pafupi ndi filiji. Anatchera khutu. Filiji inkalira kuti hmmm. Nyama inali zii.

Anatsegula filiji pang'ono. Anapisa dzanja. Mayo, kuzizira kwake!

Tisungeni anamva chisoni. Iye amagona ndi bulangete. Amayi amagona ndi bulangete. Abambo amagona ndi awiri, kuwonjezanso chipewa. Nanga nyama? Nyama inalibe kanthu!

"Pepa, nyama," ananong'ona. "Muno sungagone. Tiye ku bedi langa."

Anatulutsa mbale ija. Inali yolemera. Anayenda pang'onopang'ono. Phazi limodzi. Phazi lina. Anafika pa bedi. Anakhazika mbale pa pilo. Kenako anakoka bulangete lake lofiira.

Koma pilo si tebulo. Mbale inapendekeka. Chivundikiro chinatsetsereka. Khuthu! Msuzi wonse unatayika pa bulangete.

Tisungeni anagwira mbale msangamsanga. Nyama sinagwe. Zidutswa zonse zinayi zinalimo. Koma msuzi munalibe.

Tisungeni anaima njo. Anaganiza zobisa bulangete pansi pa bedi. Koma fungo la adyo ungalibise? Chipinda chonse chinali adyo yekhayekha.

Anatuluka panja, mbale ili m'manja.

"Amayi," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndalakwitsa."

Amayi anayang'ana mbale. Anayang'ana Tisungeni.

"Msuzi wapita kuti, Tisu?"

"Wamwa ndi bulangete."

"Bulangete? Bulangete lalowa bwanji mu filiji?"

"Silinalowe. Munati nyama igone. Mu filiji mukuzizira. Ndiye ndinaipititsa ku bedi."

Amayi anagwira pakamwa. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka anakhala pansi pa kapinga.

Tisungeni sanaseke. Misozi inatsika.

"Agogo satafuna nyama," analira. "Zikomo wanga watayika."

Amayi anasiya kuseka. Anamukokera pafupi.

"Bwera kuno, mwana wanga. Wachita bwino kundiuza msanga. Mvetsera. Iwe umagona pofunda. Nyama imagona pozizira. Ikafundidwa imawonongeka, ndipo imadwalitsa anthu."

"Ndiye filiji ndi bedi lake?"

"Ndi bedi lake. Tiye tiibwezemo tsopano lino."

Anabwezera nyama mu filiji. Amayi ananyika bulangete m'beseni. Kenako anayang'ana pa shelefu. Adyo analipo pang'ono. Jinja analipo pang'ono. Mchere unalipo. Koma ndimu zinali zitatha.

"Popanda chowawasa, nyama sifewa," anatero amayi. "Ndipo sitolo ili kutali. Tikapita ndi kubwera, nthawi yatha. Nyama igona nthawi yanji?"

Tisungeni anapukuta misozi. Anaganiza, anaganiza. Chowawasa. Chowawasa.

Mu filiji munali kabotolo kake. Munali amasi. Ku Joni amati amasi. Ku Malawi amati chambiko. Ndi mkaka wowawasa. Abambo ankamugulira Lachisanu lililonse. Tisungeni ankaukonda koposa switi. Ankamwa Loweruka masana, pang'onopang'ono, kuti usathe msanga.

Tisungeni anatenga kabotolo kaja. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi," anatero. "Amasi ndi owawasa."

Maso a amayi anawala. "Zoonadi! Amasi amafewetsa nyama bwino kwambiri. Koma ndi ako, Tisu. Ukathira, lero sumwa."

Tisungeni anameza malovu. Anakumbukira renki. Anakumbukira kileti ija. Anakumbukira mawu osasa a Che Uladi.

"Amwe ndi nyama," anatero.

Anathira yekha. Anathira onse, mpaka dontho lomaliza. Amayi anasinja adyo. Anasinja jinja. Anathira mchere ndi tsabola pang'ono. Tisungeni anatakasa. Anatakasa, anatakasa. Nyama inalowa mu msuzi woyera. Mbale inalowa mu filiji.

"Tsopano nyama igone," anatero amayi.

"Pozizira," anatero Tisungeni.

Amayi anachapa bulangete. Analiyanika padzuwa. Tisungeni anakoka mpando. Anakhala kutsogolo kwa filiji ngati mlonda.

Kudikira ndi ntchito yovuta. Tisungeni anajambula nkhunda. Anajambula masokosi. Anajambula Che Uladi ndi mano awo anayi.

"Amayi, yadzuka?"

"Sinadzuke."

Anaimba kanyimbo chapansipansi. Anawerenga zala zakumanja. Anawerenga zala zakumiyendo.

"Amayi, yadzuka?"

"Sinadzuke, Tisu."

Masana abambo anabwera. Anali ndi ludzu. Analowa akuimba mluzu, jombo zikuti gu, gu, gu.

"Shhh!" anatero Tisungeni.

Abambo anaima. "Kwagwanji? Tili ndi khanda m'nyumba muno?"

"Nyama yagona. Musaidzutse."

"Ndingotenga madzi ozizira mu filiji."

"Ayi, Abambo. Imwani apampopi."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi analoza bulangete pa chingwe. Abambo ananunkhiza mpweya.

"Mayi a Tisu," anatero monong'ona, "bwanji bulangete likununkhira ndiwo?"

"Lalawa msuzi," anayankha amayi. "Lati uli bwino."

Abambo anavula jombo. Anayenda monyang'ama. Anamwa madzi apampopi osadandaula.

Dzuwa linapendeka. Amayi anaphika mpunga. Anadula matimati ndi anyezi. Kenako anayang'ana wotchi.

"Tisu," anatero, "kaidzutse."

Tisungeni analumpha. Anatsegula filiji.

"Dzuka, nyama! Kwacha!"

Nthawi ino mbale ananyamula ndi abambo. Amayi anatulutsa nyama. Anaipukuta bwinobwino. Anaika chiwaya pa mbaula. Anathira mafuta pang'ono. Anadikira kuti chiwaya chitenthe kwambiri.

"Ima patali, Tisu," anatero amayi. "Mafuta amalumpha. Ntchito yako ndi kuwerenga."

Amayi anaika nyama m'chiwaya. Tswaaa! Fungo linadzaza nyumba. Linatuluka pawindo. Ngakhale galu wa kunyumba yaikulu anabwera kudzakhala pakhomo.

"Muitembenuze!" anatero abambo.

"Ayi, dikirani," anatero amayi. "Nyama sifuna kuisokoneza."

Tisungeni anawerenga pang'onopang'ono. Anafika handiredi. Anayambiranso. Anafikanso handiredi. Amayi anatembenuza nyama. Tswaaa! Mbali ija inali yofiirira bwino.

Tisungeni anawerenganso. Anawerenga mpaka nyama inapsa mbali zonse. Amayi anaiphula. Anaiika m'mbale yoyera. Anaivundikira.

"Tsopano ipume pang'ono," anatero amayi.

"Igonenso?" anadabwa Tisungeni. "Koma nyama iyi ndi yaulesi!"

Nthawi yomweyo kunamveka mawu pa geti.

"Odi kuno!"

Anali Che Uladi. Anavala malaya aatali oyera. M'manja anali ndi kathumba.

"Lowani, Che Uladi," anatero abambo. "Takulandirani."

"Mwaswera bwanji, Bambo Pearson? Mwaswera bwanji, Mayi a Tisungeni? Nanga mdzukulu wanga ali kuti?"

Mdzukulu anali kumbuyo kwa amayi. Manyazi aja anali atabweranso. Zikomo anakwera mpaka pakhosi. Anafika pa lilime. Koma anabwereranso.

Che Uladi anatsegula kathumba kaja. Munali masokosi achikasu.

"Awa ndi ako," anatero. "Kuzizira kwa kuno si kwamasewera."

Tisungeni analandira ndi manja awiri. Anagwada pang'ono. Koma pakamwa panali potseka. Tsopano azikomo analipo awiri, onse pakhosi!

Onse anasamba m'manja. Anakhala pa tebulo. Abambo anapemphera mwa njira yawo. Che Uladi anapemphera mwa njira yawo. Amayi anavundukula mbale.

Che Uladi anaona nyama. Anakanda mutu.

"Pepani, anthu abwino," anatero. "Ine ndingodya mpunga ndi matimati. Nyama yotere ndinasiya kale. Patha zaka ziwiri. Mano anandithawa."

Tisungeni anatembenuka. Anayang'ana amayi. Amayi anatenga mpeni. Anadula nyama mopingasa, tizidutswa topyapyala.

"Ndi ya halaali, Che Uladi," anatero amayi. "Ndipo yagona tsiku lonse. Tangolawani kamodzi."

Che Uladi anatola kachidutswa. Anakaika m'kamwa. Onse anawayang'ana.

Che Uladi anatafuna kamodzi. Anatafuna kawiri. Anatsinzina. Anatafuna kachitatu. Kenako anameza.

"Aa!" anatero. "Nyama iyi yafewa ngati nthochi!"

Anatola kachidutswa kena. Anatolanso kena. Mpunga anauiwala.

"Mwaitani kuti ifewe chonchi?"

"Funsani mdzukulu wanu," anatero amayi. "Yamwa amasi ake onse."

Amayi anafotokoza za mano anayi. Anafotokoza za pilo. Anafotokoza za bulangete. Che Uladi anaseka mpaka kachipewa kanagwa. Koma atamva za amasi, anasiya kuseka. Maso awo analengeza misozi. Anayang'ana Tisungeni.

"Sikomo kwejinji, mdzukulu wanga," anatero.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa Tisungeni. Anaiwala kuti ali ndi manyazi.

"Ndi Chiyao, chiyankhulo cha kwathu. Ndi zikomo wamkulu kwambiri."

Tisungeni anadzuka pampando.

"Ayi, Agogo!" anatero. "Musandilande! Zikomo ameneyo ndi wanga!"

Anaima pafupi ndi Che Uladi. Anapuma mpweya wambiri.

"Zikomo pondipeza pa renki. Zikomo pondiimika pa kileti. Zikomo poitana amayi. Zikomo chifukwa cha nthochi. Zikomo chifukwa cha masokosi. Sikomo kwe... kwe..."

"Kwejinji," anamuthandiza Che Uladi.

"Sikomo kwejinji!"

Tisungeni anagwira pakhosi. Sipankawawanso. Anamva kupepuka, ndipo anakondwa kwambiri.

Onse anadya. Anadya, anadya. Mbale inayera mbee. Galu anangolandira fungo basi.

Atatha kudya, anakhala pakhonde. Dzuwa linali lisanalowe. Abambo anayamba kusimba za kapinga wa ku Garsfontein. Nkhani ya kapinga ndi yaitali. Che Uladi anagwedeza mutu. Anagwedezanso. Kenako mutu unaweramira pachifuwa. Anali atagona pampando.

Kamphepo kozizira kanawomba. Tisungeni anapita pa chingwe. Bulangete lofiira linali litauma. Linkamvekabe adyo pang'ono. Analikoka. Anabwera nalo kwa amayi.

"Amayi," ananong'ona, "awa amagona pozizira kapena pofunda?"

"Pofunda, mwana wanga," anatero amayi.

Tisungeni anafunditsa Che Uladi bwinobwino, kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo. Abambo anatsegula pakamwa kuti apitirize nkhani.

"Shhh!" anatero Tisungeni. "Agogo agona. Musawadzutse."